Mkulu Amene Ankafunsa za Mvula pa Telefoni

Masiku aja a chipani chimodzi, pamene tinkalawirira kukaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira osadziwa ngati tifika kutsogolo zisanathe, ine ndinali ndi ntchito imene lero ukaitchula ana amangokuyang'ana: ndinali wa pa swichibodi. Inde, ine ndemwe, azakhali ake a Tamara, bwana wanuyu. Ndakhala pampando uno kuyambira m'mawa kudikira kuti andiperekeze kuchipatala, ndipo maondo anakalamba koma makutu ayi, ndamva zonse zimene mukulimbirana. Wina akuti muike makina oyankha okha, aja amati dinani wani, dinani thuu, wina akuti makasitomala athawa. Poti magetsi apita ndipo makompyuta anu agona, kokerani mipando kuno. Iwe wa tayi, siya kukanda kafoni kako, sikathawa.

Kampani yathu inali ya malole, uko ku Heavy Industrial Area muno mu Lusaka, ndipo dzina lake lisakuvuteni, inatha kalekale. Ndinalowa ufulu utangobwera, pamene mayi wachizungu amene ankakhala pampando umenewo analongedza katundu. Swichibodi, inu osadziwa, linali bokosi lathabwa lalitali ngati kabati ya mbale, lokhala ndi timabowo m'mizere, tinyali, ndi zingwe za mapulagi amkuwa. Kunja kunkachokera malaini atatu okha, ndipo telefoni iliyonse ya m'maofesi inali ndi kabowo kake. Munthu akaimba, kanyali kankayaka, ine n'kulowetsa pulagi, kumva amene akumufuna, n'kulowetsa inzake m'kabowo ka mwiniyo. Palibe mawu amene ankalowa kapena kutuluka pakampanipo osadutsa m'manja mwanga. Bambo a ana anga atamwalira, bokosi limenelo ndilo linkadyetsa ana atatu m'kanyumba kathu ku Kabwata.

Tsono ine ndinabadwa ndi nthenda ya mafunso, mpaka lero sinachire. Mawu a munthu wa ku Ndola amakwana bwanji m'kawaya kochepa ngati ulusi? Nanga bwanji sasakanikirana ndi a ku Livingstone? Amene ndinkamusautsa nazo anali ba Chanda, mmisiri wa ku positi, Mbemba wa ku Luapula, amene ankabwera kudzakonza swichibodi. Akangoti shani pakhomo, ine ndinali nditaima kale kumbuyo kwa bokosi kudikira kuti atsegule. Poyamba ankandithamangitsa, ati mayi sakhala pamawaya, koma safunsa anadya phula, ndinakakamira mpaka anatopa nane. Anandiphunzitsa kupukuta mapulagi ndi mankhwala a mkuwa kuti mawu asamveke ngati akukazinga nsawawa, kuthira madzi m'mabatire Lachisanu lililonse, kusinthanitsa zingwe kuti chimodzi chisathe chokha, ndi kutseka timipata ta makoswe, chifukwa makoswe a ku Industrial ankakonda waya kuposa chimanga. Nthawi ya mvula madzi ankalowa m'dzenje la mawaya pamsewu, ndipo ine ndinkadziwa laini imene yanyowa pongomva kulira kwake. Inu lero foni ikadwala mumangoitaya m'dilowa n'kugula ina. Ife kunalibe ina, zitsulo zochokera kunja zinkasowa ngati shuga.

Koma ntchito yaikulu ya bokosi lija sinalembedwe paliponse. Nthawi imeneyo m'makomboni munalibe matelefoni, ndiye dalaivala aliyense, wonyamula katundu aliyense, ankapereka nambala ya kampani kwa abale ake kumudzi. Munthu ankapalasa njinga mpaka ku positi ya paboma, kupempha tiranki, ndiko kuimba kutali, n'kukhala pakhonde, nthawi zina theka la tsiku, kudikira kuti laini itseguke, ndipo ikatseguka ankamupatsa mphindi zitatu zokha. Mungaganize kuti munthu wotere angathamangire nkhani. Aa, ayi ndithu. Wa kwathu kummawa amayamba ndi moni, ndipo ine ndinaphunzira kuti moni ukafupika, nkhani ndi yopepuka, mwina akufuna feteleza. Koma akafunsa za iwe, za ana, za mvula, za bwana wako amene sanamuonepo, dziwa kuti wasenza cholemera ndipo akufuna poti atulire. Ndinkayankha zonse mwachangu koma mosadumpha, kenako n'kumuthandiza kuti, "Nanga kumudzi kwagwanji?" Uthenga ukakhala woipa sindinkauza mwiniwake. Ndinkaitana a Tembo, kapitawo wa pabwalo, mkulu wa mpingo, ndipo iwo ndiwo ankamutengera munthuyo pambali.

Zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka tinalandira manijala watsopano, a Sakala. Anali wachinyamata, wobadwira muno mu Lusaka, wophunzira kunja, wokhala ku Kabulonga, munthu woyenda ngati pansi pakutentha. Sanali woipa mtima, musandimve molakwa, koma kudikira kunkamuyabwa. Akanyamula telefoni ine ndili ndi wina, ankagogoda kachitsulo koikapo telefoniyo mpaka kanyali kanga kuphethira ngati kakomoka. Tsiku lina ananena poyera kuti kampani singayende ndi bokosi la nthawi ya atsamunda, ndipo anaitana ogulitsa makina awiri.

Woyamba anabweretsa makina atsopano koma okhala ndi kathebulo ka mabatani, poti munthu akhalepo n'kumalandira oimba. Wachiwiri, wa suti yonyezimira, anati ake safuna munthu konse: aliyense aziimba yekha padesiki pake, ndipo zochokera kunja zizilira kwa sekilitale. Anandiitana kuti ndiwaonetse pamene mawaya amalowera, ndiye nthenda yanga ija inadzuka. Ndinafunsa kuti magetsi akazima makinawo amatani, mphezi ikawomba chimapsa n'chiyani, chopsacho chimapezeka kusitolo iti muno mu Lusaka, ndipo mmisiri wodziwa kukonza amakhala kuti. Woyamba anayankha zina, zina anavomera kuti sakudziwa. Wa suti anaseka n'kuuza a Sakala kuti mayiwa akudzimenyera nkhondo. Pang'ono sananame, koma mafunsowo analinso oona, ndipo sanayankhe ngakhale limodzi.

A Sakala anasankha makina a wa suti, kuti ayesedwe mwezi umodzi. Ine anandisamutsira ku sitozi, kosungira katundu, kukapanga mafailo, ndipo anandiuza mwaulemu koma mosabisa kuti mwezi ukatha makina akakhoza, ntchito yanga yatha. Anawonjeza kuti bokosi lakale ndisalikhudzenso, kuopa kusokoneza zatsopano. Madzulo ake ndinatsika basi patali dala, ndinayenda pansi mpaka ku Kabwata kuti ana asaone maso anga. Ndinali ndi mantha, ana inu. Mayi wa msinkhu wanga, wodziwa zingwe zokha, akanapita kuti?

Ndipo chondipweteka kwambiri chinali chakuti makinawo anali abwino. Ha, ndinkapita kukawasuzumira pa nthawi ya tiyi ngati mwana woona sitima! Kabokosi kotuwa pakhoma, kopanda chingwe cholendewera, kongong'ung'udza pang'ono, koma wa ku galaja ankaimbira wa ku geti m'kuphethira kwa diso, chikhalirecho geti inalibe n'telefoni yomwe nthawi yanga. Anthu anasangalalanso kuti tsopano palibe Esinati, ndiye ineyo, womva za zibwenzi zawo, ngati ine ndinali ndi nthawi yomvera zopusa. Tiranki makinawo ankakaniza aliyense kupatula bwana. Chimodzi chokha sichinatheke: kachitsulo kolumikizira laini yachitatu kanali kasanafike kuchokera kunja, ndiye ba Chanda anaisiya laini imeneyo pa bokosi langa lakale, m'kachipinda kamene tsopano anaunjikamo makatoni. Lachisanu lililonse ndinkazemba kukathira madzi m'mabatire. Ndinkangolimvera chisoni, ngati ng'ombe yokalamba imene yakulimira zaka zambiri.

Sabata yachitatu, tsiku limene malole asanu ankanyamuka masana kupita kudoko ku Dar es Salaam, ulendo wa masabata atatu, tinali pa tiyi wa m'mawa. Mwila, sekilitale wa bwana, mtsikana wa ku Kitwe wa manja othamanga pa taipi, analowa akuseka. Anati kamdala kena kaimba katatu, koma kosanena amene kakumufuna, kangofunsa ngati wadzuka bwino, ngati ana adzuka, ngati mvula yagwa ku Lusaka. Iye anali ndi makalata a malole oti atayipe, Chichewa cha mkuluyo n'chakuya, ndiye kawiri konse anaika telefoni pansi poganiza kuti ndi woledzera, ndipo kachitatu a ku positi anadula okha, nthawi itatha. Anthu anaseka. Ine ndinaika kapu ya tiyi pansi. Moni wotalika chotero katatu konse, kuchokera kwa munthu wolipira tiranki! Panali munthu pabwalo pathu amene kwawo kwagwa kanthu, ndipo mwina anali mmodzi wa opita kudoko.

Ndinapita kwa bwana, koma anali atadzitsekera m'ofesi ndi wa suti uja, ndipo Mwila anati asasokonezedwe. Ndinaima pakhonde ndikulimbana ndi mtima. Ndikakhudza bokosi, ndaphwanya lamulo, ndipo ngakhale kalata yabwino yokafunira ntchito kwina sindidzaiona. Ndikapanda kukhudza, ndidzagona bwanji? Kunena zoona, panalinso nthenda yanga: ndinkafuna kudziwa kuti mkuluyo ndani. Ndinalowa m'kachipinda, kusuntha makatoni, kupukuta pulagi ndi chitenje, n'kulowetsa. Laini inang'ung'udza bwinobwino ngati sinasiyidwepo.

Ku positi yaikulu m'tauni, kumene matiranki onse ankadutsira, kunali mnzanga amene tinkaimba naye kwaya ku Kabwata. Ndinamupempha ayang'ane kumene kwachokera matiranki atatu oimbira kukampani kwathu m'mawawo. Anati ku Katete, ndipo atamva mawu anga sanafunse zambiri, anandidumphitsa pamzere. Wa positi ya ku Katete anati inde, pali mkulu wina pakhonde, wakhala ndi njinga yake kuyambira kutsegula, wakana kupita. Ndinati amuitane.

Ndikudikira choncho, chitseko chinatseguka. Anali a Sakala, wa suti ali kumbuyo kwawo, abwera kudzayeza malo oti aikepo mashelefu bokosi likachoka.

"Mai Zulu, ndinati chiyani za chinthu ichi?"

"Bwana, mundichotse mawa. Lero mungomvera."

Sindikudziwa kumene ndinatenga chiwindi. Ndinavula zomvera za kumutu n'kuwaveka, ine n'kutenga kachomvera kapadera kamene tinkaphunzitsira atsopano. Nthawi yomweyo mawu a mkulu anabwera, otsika, otopa, akudutsa m'mawaya a ulendo wonse wa kummawa. Anayamba pomwe paja. Anafunsa ngati tadzuka. Anafunsa za ana. A Sakala anakweza mkono kuyang'ana wotchi, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinagwira mkono wa bwana wanga n'kuutsitsa. Anandiyang'ana ngati andimeza, koma mkulu uja anali atafunsa ndipo ankadikira yankho. Kenako ndinamva a Sakala akuti, "Tadzuka, ambuye, kaya inu kumudziko?" ndipo mawuwo sanali a ku Kabulonga ayi, anali a mwana amene anakhalapo pamphasa ya agogo ake nthawi ya holide. Anayankha za mvula, anayankha za ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Moni utatha, mkulu anapumira m'mwamba n'kunena.

"Ine ndine atsibweni ake a Mbewe, woyendetsa malole kwanuko. Mlongo wanga, mayi wake, nthenda yakula."

A Sakala anandiyang'ana kuti ndiwathandize. Ndinawerama pakamwa pa telefoni n'kufunsa ngati anthu asonkhana kale pakhomo, chifukwa kwathu nthawi zina amati nthenda yakula munthu atatsogola kale, pofuna kuti woyenda afike ndi mphamvu.

"Iyayi, mama, akadapuma. Koma phala akukana, akungotchula dzina la mwanayo."

Mbewe anali dalaivala wa lole yoyamba pamzere wa kudoko, ndipo pawindo tinkaiona ikufuka utsi pageti. Apa ndiye makina atsopano anaonetsa ntchito, ndisawanamizire: a Sakala anathamangira kudesiki yapafupi, kudina manambala awiri, mlonda wa pageti n'kuyankha pomwepo. Koma ndinamva bwana akuyamba kuti uzani Mbewe kuti amayi ake, ndipo ndinawadula mawu kachiwiri tsiku limodzi. Munthu ali pachiwongolero cha lole yodzaza, mukamuponyera mawu otere kudzera mwa mlonda? Ndinati anene kuti pepala lina lasowa, lole ibwerere. Anatero. Ndinaitana a Tembo, ndipo a Sakala anavula jekete n'kupita nawo okha. Ndinawaona atatuwo atakhala pamatayala akale kuseri kwa galaja, a Tembo akulankhula pang'onopang'ono, bwana akumvetsera, manja pamaondo. Masana omwewo Mbewe anakwera lole ina imene inkapita ndi katundu ku Chipata, ndipo kudoko kunapita dalaivala wina.

Za ine palibe ananena kanthu. Sabata yonse yotsala a Sakala ankandidutsa ngati sakundiona, ndipo ine ndinati basi, yatha. Tsiku lomaliza la mwezi ndinamanga kapu yanga ndi kapilo ka pampando m'chitenje, ndipo atandiitana ku ofesi ndinalowa nazo m'manja kuti ndisabwererenso. Padesiki panali pepala loyera ndi cholembera. Anati makina a wa suti abwezedwa, chifukwa kachitsulo kaja mpaka tsikulo sikanafike ndipo mwiniwake wayamba kusowa. Atenga a wogulitsa woyamba, okhala ndi kathebulo ka mabatani, ndipo telefoni ya pageti ikhalapobe. Kenako anandikankhira pepala lija.

"Mafunso anu aja, Mai Zulu, lembani onse. Asanakhome msomali ayankhe kaye. Ndipo kapiloko bwezani, mpando wake ndi wouma."

Ndinatuluka, ndinakalowa m'kachipinda ka makatoni, ndinalira mpaka chitenje kunyowa. Bokosi langa analigulitsa kwa a zitsulo zakale sabata yotsatira, ndipo ba Chanda anandidulira pulagi imodzi ndi chingwe chake, ili m'kachitini kanga ka singano mpaka lero. Pa kathebulo ka mabatani ndinakhalapo mpaka kupuma ntchito, ndipo ndinakaphunzira m'kati ndi kunja monga ndinachitira ndi bokosi. Mwila ankandigwirira ndikapita kukadya, ndipo anadzakhala katswiri wa moni kuposa ine, m'Chichewa chake chopindika.

Mbewe anabwera patapita masabata awiri, mutu wometa. Anawapeza amayi ake ali moyo, anakhala nawo masiku atatu, ndipo anatsirizika iye ali pomwepo. Sanali munthu wolankhula. Anaima pakhomo la kachipinda kanga, chipewa m'manja, n'kundiuza kuti atafika amayi ake anamufunsa kuti wamva bwanji za matendawo, iye n'kunena kuti mayi wina wa pa telefoni ndiye anafunafuna atsibweni mpaka kuwapeza.

"Ndiye anandituma, mama. Anati ukakafika ukamufunse ngati wadzuka bwino, iye ndi ana."

Ndinaimirira n'kuyankha monga ayankhira munthu wamoyo, kuti ndadzuka, ana adzuka. Uthenga wa moni umenewo ndi wokhawo umene ndinaulandira ine mwini m'zaka zonse zimene ndinakhala ndikupereka a anthu ena.

Ndiye inu a Tamara ndi anzanu, makina anuwo gulani, ine sindidana ndi zatsopano, ndipo mukawaika mundiitane ndidzaone m'kati mwake. Wogulitsayo mum'funse za magetsi, za mphezi, ndi kumene mmisiri wake amagona, ndipo akayamba kuseka m'malo moyankha, m'perekezeni pakhomo. Koma pa manambala anu odina aja musiyepo imodzi yofikira kwa munthu, ndipo munthuyo mumuuze kuti wina akayamba kufunsa za mvula, asayang'ane wotchi. Amuyankhe, adikire pang'ono, amve chimene wabwera nacho.